Nyali, Kulira kwa Kachitsulo, Kapena Kuchotsa Tayala: Njira Yodalirika Ndi Iti Podziwa Kuti Mapadi a Mabuleki Atha?

Alamu anga anagula Mercedes-Benz C-Class yochokera ku UK. Itayenda miyezi ingapo mu Lilongwe muno, tsiku lina madzulo ali pa mzere wa magalimoto poweruka ku City Centre, nyali yachikasu inayaka pa dashibodi: kabwalo kozungulira, uku ndi uku timizere todukizadukiza. Galimoto inkaima bwinobwino, phokoso panalibe. M'mawa mwake anaima pa galaja ina, ndipo mnyamata amene anawalandira anasuzumira pa tayala n'kunena kuti, "Bwana, mapadi akadalipo awa. Kakuvuta ndi kawaya basi, tingokamanga nyaliyo izime." Anapotokola mawaya awiri pamodzi, n'kukulunga tepi, nyali n'kuzima. Alamuwo analipira kandalama kochepa, n'kumapita mtima uli m'malo.

Miyezi ingapo pambuyo pake tinali limodzi pa ulendo wa ku Mangochi, ana atatu ali kumbuyo. Tikutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, kutsogolo kunayamba kumveka khwee! khwee! nthawi iliyonse akaponda buleki. Ndinati, "Alamu, lowetsani giya yotsika, musiye kudalira phazi." Tinafika pansi pang'onopang'ono, wopanda woyankhula. Titachotsa tayala pa Golomoti tinapeza padi yakunja ikadali yokhuthala ndithu, koma yam'kati itatha mpaka pa chitsulo, disiki itakumbika mizere ngati munda wogalauza. Kawaya kaja kanalibe mlandu. Kanali pa padi yam'katiyo, ndipo kanachenjeza pa nthawi yake.

Ine ndimayendetsa Toyota Sienta, yomwe ilibe sensa ya mapadi ngakhale imodzi. Choncho pabanja pathu pokha pali magalimoto awiri ochenjeza mosiyana, ndipo kuyambira tsiku lija ndakhala ndikuyerekeza njirazi kuti ndione iti ingadaliridwe mpaka pati.

Poyamba tigwirizane za chimene chimathacho. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni ya mu kalipa, ndipo kalipayo imafinya mapadi awiri, yam'kati ndi yakunja, pa disiki imene imazungulira limodzi ndi tayala. Padi ili ndi mbali ziwiri: chitsulo chakumsana, ndi layiningi, chigamba chakuda chimene chimakhuza disiki. Layiningi ya padi yatsopano yakutsogolo imakhala yokhuthala mamilimita 10 mpaka 12. Ikatsika kufika pa mamilimita 3, nthawi yosintha yakwana. Ngati mulibe choyezera, kumbukirani kuti pensulo wamba ndi wa mamilimita pafupifupi 7, ndipo kamtengo ka machesi ndi ka pafupifupi 2. Layiningi yofanana ndi kamtengo ka machesi si yopita nayo ku ulendo.

Nambala ina yofunika kuisunga ndi iyi: galimoto ya madisiki matayala onse ili ndi mapadi 8. Ya madiramu kumbuyo, monga ma Vitz, Passo ndi Probox ambiri amene adzaza mu Area 25 ndi ku Kawale, ili ndi mapadi 4 kutsogolo ndi mashuzi 4 kumbuyo, omwe ndi zigamba zopindika zimene zimakhuza m'kati mwa diramu, chimbale chakuya chozungulira limodzi ndi tayala. Njira iliyonse imene tikambe, dzifunseni kuti pa zinthu 8 zimenezi ikulondera zingati.

Kachitsulo kolira

Magalimoto ambiri a ku Japan, omwe amatipeza kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, amachenjeza ndi khutu. Pa padi pamakhala kachitsulo kopindika kotulukira m'mbali. Layiningi ikatsala mamilimita 2 kapena 3, kachitsuloko kamayamba kukhudza disiki n'kumalira tswii, kulira kosongoka kolasa m'makutu. Nthawi zambiri kamamveka galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo pa magalimoto ena kamasiya kapena kusintha mawu mukaponda buleki.

Ndimaikonda njirayi chifukwa ilibe waya woti aduke, ilibe kompyuta, ndipo simulipira kanthu kapadera. Koma ili ndi pogonera pake. Mapadi otsika mtengo ambiri amabwera opanda kachitsuloko. Pa ma Toyota ambiri kachitsuloko ndi kapadera, kochita kukoleka pa padi, ndiye wosintha akapanda kukasamutsa kuchoka pa yakale kupita pa yatsopano, kamatayidwa limodzi ndi zinyalala inu osadziwa. Galimoto imatuluka pa galaja ili chete, ndipo idzakhala chete mpaka tsiku limene chitsulo chidzakumane ndi chitsulo.

Vuto lina ndi loti m'tauni muno mabuleki amalira pa zifukwa zambiri. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala fumbi la ku Chinsapo ndi ku Area 36 limalowa paliponse, mabuleki n'kumalira mapadi ali atsopano. M'nyengo ya mvula galimoto ikagona panja, disiki imachita kadzimbiri kopyapyala usiku umodzi wokha, m'mawa n'kumakwecha mukamatuluka pa geti, koma mukaponda kawiri katatu phokosolo limatha. Mwala waung'ono ukakakamira pakati pa disiki ndi chimbale chakumbuyo kwake, umalira ngati nkhumba. Khutu likazolowera zonsezi, tsiku limene kachitsulo kenikeni kayamba kuitana munthu amangoti ndi fumbi. Chosiyanitsa n'choti kulira kwa kachitsulo sikutha: lero kulipo, mawa kulipo, mvula igwe kapena isagwe, ndipo kumachokera ku tayala limodzi lomwelo. Tsitsani galasi, zimitsani wailesi, yendani pafupi ndi mpanda wa njerwa, phokoso likabwerera kwa inu mudziwa mbali yake.

Phokoso likasintha kuchoka pa tswii kupita pa kukhukhuluza kokhala ngati akunola khasu pa mwala, chenjezo latha. Kumeneko ndiye kuwonongeka kwenikweni.

Sensa ya waya ndi nyali yachikasu

Mercedes-Benz, BMW, Audi ndi ma Volkswagen ambiri amachenjeza ndi maso. Mu padi mumalowa kamutu kapulasitiki kokhala ndi waya wopyapyala m'kati. Layiningi ikadyeka kufika pa kamutuko, disiki imayamba kukapala mpaka wayayo aduke kapena akhudze chitsulo, ndipo kompyuta ikaona kusinthako imayatsa nyali yachikasu ija, magalimoto ena amalembanso uthenga pa dashibodi. Palibe matsenga ena. Sensa imagwira ntchito yake mwa kudziwononga, n'chifukwa chake ikayatsa nyali siingabwererenso pa padi yatsopano.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Nyali siisokonezeka ndi fumbi, siimira mu phokoso la wailesi, ndipo imayaka layiningi ikadalipo yoti mukafikire pa galaja mosathamanga. Si nyali yoti muimike galimoto pakati pa msewu. Ndi yoti sabata yomweyo mupeze mapadi, ndipo musakonze ulendo wa m'mapiri musanasinthe.

Koma onani kuti ikulondera zingati. Pa ma BMW ambiri masensa ndi awiri okha, ina kutsogolo kumanzere, ina kumbuyo kumanja. Pa ma Volkswagen ambiri amene ali nayo, imakhala imodzi, kutsogolo. Ndiye kuti pa mapadi 8, mmodzi kapena awiri ndi amene ali ndi mlonda. Opanga galimoto amawerengera kuti mapadi onse akudyeka mofanana, zimene zimachitika makalipa akakhala aukhondo ndi oyenda momasuka. Kwathu kuno, kumene galimoto imawoloka zithaphwi za matope mu Januwale n'kumeza fumbi mu Okutobala, kalipa ya mbali yopanda sensa ikhoza kukakamira n'kudya padi yake mpaka kutha, dashibodi ili zii.

Palinso nthawi zimene nyali imayaka mapadi alibe vuto, ndipo apa m'pamene mnyamata uja anapezera poyambira. Waya wa sensa amadutsa poyera kuseri kwa tayala. Mwala ukhoza kumudula, akhoza kukhuzika ndi rimu ngati sanakolekedwe m'malo mwake, madzi akhoza kulowa mu pulagi, ngakhale makoswe amamutafuna. Zoterezi zimachitikadi. Koma palibe munthu angadziwe kuti ndi waya kapena ndi padi atangosuzumira pa mipata ya rimu, chifukwa padi imene imaoneka kunja si imene nthawi zambiri imanyamula sensa.

Nyali ikayaka pali njira zitatu zimene amakupatsani, ndipo sizilingana mpang'ono pomwe. Yoyamba ndi kusintha mapadi pamodzi ndi sensa yatsopano. Iyi ndiyo yoyenera, ndipo mtengo wa sensa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa disiki imodzi. Yachiwiri ndi kusintha mapadi koma n'kumanga mawaya chifukwa sensa sikupezeka mu shopu lero. Ndingaimvetse ngati ili ya masiku ochepa podikira kuti sensa ifike, inuyo mukudziwa kuti galimoto tsopano ilibe mlonda. Tsoka lake n'loti nyali ikazima, munthu amaiwala kuti anaitanitsa kanthu. Yachitatu ndi ya alamu anga: kumanga mawaya osakhudza mapadi. Imeneyo musaivomere ngakhale atakuuzani kuti ndi yaulere. Mapadi a magalimotowa kawirikawiri alibe kachitsulo kolira, chifukwa wopanga anadalira sensayo. Mukaiphetsa, mwatsala opanda chenjezo lililonse.

Mukasintha mapadi nyali isanayake, sensa yochita kukoleka imene sinapalidwe ikhoza kugwiranso ntchito, bola ichoke bwino osasweka, popeza pulasitiki yake imauma ndi kutentha. Eni BMW adziwenso kuti kuika sensa yatsopano sikokwanira: kompyuta ya galimoto imawerengera makilomita otsala a mapadi, ndipo imafunika kuiuza kuti mwasintha, kudzera pa mabatani a dashibodi kapena pa makina oyezera. Ndipo inu amene mukugula galimoto ya ku Ulaya yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani achotse tayala lakutsogolo muone ngati waya wa sensa akufika pa padi kapena wathera mu tepi.

Nyali yofiira ndi kabotolo ka fuluwidi

Pali chenjezo lachitatu limene pafupifupi galimoto iliyonse ili nalo, koma ambiri timalifafaniza tokha. Mapadi akamadyeka, pisitoni imatulukira kunja pang'onopang'ono kuti iwatsatire, ndipo malo amene yasiya kumbuyo amadzazidwa ndi mafuta a mabuleki, omwe pa galaja amangoti fuluwidi. Choncho fuluwidi wa mu kabotolo ka pansi pa boneti amatsika kuchoka pa MAX kulowera ku MIN popanda kudontha kulikonse. Akatsika kwambiri, nyali yofiira ya chizindikiro chofuula (!), yomwe ija imayakanso handibuleki ikakhala yokoka, imayamba kuphethira pokhota kapena pokwera mahampu.

Chimene chimachitika n'chodziwika. Munthu waima pothira mafuta, wina watsegula boneti, "Bwana, fuluwidi watsika, tiwonjezere." Awonjezera, nyali yazima, ndipo uthenga wa mapadi wafufutika. Fuluwidi satha ngati petulo, sapsa ngati oilo wa injini yokalamba. Akatsika, zifukwa ndi ziwiri zokha: mapadi adyeka kapena penapake pakudontha. Zonse ziwiri zikufuna kuchotsa matayala, osati kuthira botolo lina.

Njirayi ili ndi ubwino umodzi umene sensa ilibe: imamva kudyeka kwa makalipa onse pamodzi. Koma siinena kuti ndi tayala liti, ndipo padi imodzi yokha ikatha pamene zinzake zili bwino, fuluwidi satsika mokwanira kuyatsa nyali. Nyali yofiirayi ikayaka handibuleki ili yotsitsa, makamaka pedulo ikamamira pansi, imani pomwepo. Siyofanana ndi yachikasu ija.

Za kuwerenga makilomita sindichedwapo. Mapadi ena amatha asanakwane makilomita 30,000, ena amapitirira 60,000, malinga ndi phazi la woyendetsa, katundu ndi msewu. Amene amapita ku Kasungu pa M1 sabata iliyonse amaponda buleki kochepa kusiyana ndi amene amakwawa m'mawa uliwonse kuchokera ku Biwi kudutsa pa mlatho wa Lilongwe, kabaza kumanzere, minibasi kumanja. Galimoto ya otomatiki imadyanso mapadi kuposa ya manyuwo. Makilomita akuthandizeni kukumbukira tsiku loyang'ana, osati kukuuzani zimene zili kuseri kwa tayala. Chimodzimodzi pepala la COF, lololeza galimoto kuyenda pa msewu ikayezedwa: limachitira umboni kuti galimoto inaima bwino pa tsiku loyeza, ndipo padi ya mamilimita 3 imaimitsa galimoto bwinobwino pa tsikulo.

Kuchotsa tayala

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kachitsulo, sensa ndi kabotolo onse ndi atumiki amene tawatuma kuti akationere. Njira yokhayo imene imaona zonse 8 ndi kukweza galimoto pa jeke, kuchotsa tayala, ndi kuyang'ana ndi maso anu.

Ntchito yake siifika ola limodzi matayala onse anayi, ndipo zimene imaulula palibe nyali ingaziulule. Kalipa ili ndi kazenera pamsana pake, pamene mumaona mapadi onse awiri m'mbali. Ngati yam'kati yadyeka kwambiri kuposa yakunja, kapena padi imodzi yadyeka mopendekeka ngati nkhwangwa, vuto lili pa mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo, kapena pa pisitoni yokakamira. Timalabala totchinga mapiniwo tikang'ambika, madzi ndi fumbi zimalowa, girisi amauma, dzimbiri n'kugwira. Kusintha mapadi osatsuka mapini n'kutaya ndalama, chifukwa atsopanowo adyekanso chimodzimodzi. Mapiniwa amafuna girisi wa silikoni wopangidwira mabuleki. Girisi wamba wa ma beyaringi amatupitsa labala, pini n'kugwidwa kuposa kale, ndipo ndaona mabotolo a girisi wakudayo akugwiritsidwa ntchito pa chilichonse m'magalaja ambiri.

Tayala lili pansi choncho, yang'ananinso paipi yalabala yobweretsa fuluwidi ngati yachita ming'alu kapena yatupa, ndi kuzungulira pisitoni ngati pali chinyezi. Kumbuyo kwa galimoto ya madiramu n'kumene kumaiwalika koposa. Mashuzi alibe kachitsulo kolira, alibe sensa, ndipo sungawaone bwino diramu isanachoke. Amakhalitsa kuposa mapadi akutsogolo, zoona, koma kasilinda kakang'ono kamene kamawatambasula kamatha kudontha mwakachetechete n'kunyowetsa layiningi. Handibuleki ikayamba kukwera mano ambiri kuposa kale, kumbuyoko kwayamba kuyankhula. Fumbi la mu diramu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa silabwino m'mapapo. Ndipo munthu asalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto yoimira pa jeke yekha.

Kuipa kwa njirayi n'kumodzi: imafuna kuti muikumbuke, pamene nyali imadzikumbukira yokha. Ine ndinaimangiriza ku zinthu zimene sindiziiwala. Matayala akutsogolo amachoka nthawi iliyonse yosintha oilo. Onse anayi amachoka kawiri pa chaka, mvula isanayambe mu Novembala ndi itatha mu Epulo, komanso ndisanapite ulendo uliwonse wotsikira ku nyanja. Ndikafika ndimati, "Amisiri, chotsani ndione nawo," ndipo mmisiri wabwino sakwiya nazo, amakuitana yekha kuti ubwere uone.

Ndiye mwa njira zonsezi, wa Vitz kapena Sienta adalire maso ake, kachitsulo kakhale kothandizira, ndipo aonetsetse kuti kabwerera pa mapadi atsopano. Wa Mercedes-Benz kapena BMW aisunge sensa yamoyo ndi kuikhulupirira ikayatsa nyali, koma asaikhulupirire ikakhala chete. Wa hayibulidi monga Toyota Aqua, Prius kapena Honda Fit ali ndi nkhani yakeyake: galimoto zimenezi zimachepetsa liwiro ndi mota yamagetsi n'kubwezera mphamvu mu batire, choncho mapadi amakhala zaka osatha. Zimamveka zabwino, koma buleki yosagwira ntchito kawirikawiri ndi imene imachita dzimbiri ndi kukakamira mapini. Kwa iwo funso si kukhuthala kwa layiningi kokha, koma ngati zonse zikuyenda momasuka.

Mapadi atha, mugule ati?

Apa ndalama zimayankhula, ndipo sindingauze munthu kuti agule orijino basi ngati kuti thumba ndi limodzi. Mapadi a kwa dila wa galimoto yanu ndi okwera mtengo koposa, koma amalowa osasema, amabwera ndi malo a sensa kapena a kachitsulo, ndipo simukayika za chimene chili m'bokosi. Kwa galimoto yatsopano kapena yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, ndi ndalama yopita pabwino.

Pakati pali mapadi a makampani odziwika opanga mabuleki, monga Akebono, Advics, Bosch, TRW, Ferodo, ATE, Textar ndi Brembo. Ambiri mwa awa ndi omwenso amapangira mafakitale a magalimoto. Kwa ine apa m'pamene pali phindu lenileni kwa munthu wamba. Chovuta ndi zachinyengo, chifukwa bokosi n'losavuta kusindikiza. Gulani mu shopu yokhazikika yopereka lisiti. Tsegulani bokosi musanalipire: zolemba pamsana pa padi zikhale zooneka bwino ndi zofanana pa zonse zinayi, layiningi ikhale yomatika popanda mpata, ndipo mapadi opangidwira msika wa ku Ulaya amakhala ndi chidindo cha ECE R90, chosonyeza kuti anayesedwa poyerekeza ndi orijino. Tengani nambala ya chasisi kapena padi yakale popita kogula, chifukwa magalimoto a dzina limodzi amatha kukhala ndi makalipa osiyana malinga ndi chaka ndi injini.

Pansi pali mapadi opanda dzina, otsika mtengo kwambiri. M'tauni, pa liwiro la 40, amaimitsa galimoto ndipo mwini amati palibe kusiyana. Kusiyanako kumaonekera pamene atentha, pa mtsetse wautali galimoto itadzaza, pomwe layiningi yosalimba imasiya kugwira ngakhale muponde ndi mphamvu zonse. Ena ndi ouma moti amadya disiki m'malo modyeka okha. A kaunjika ochotsedwa pa galimoto zophwasula ndimawakana chifukwa anadyeka kale motsatira disiki ina, ndipo mbiri yawo simuidziwa. Za kumata layiningi yatsopano pa chitsulo chakale, ndi ntchito yodziwika pa mashuzi a malole ikachitidwa ndi malo okhala ndi makina ake, koma padi ya galimoto yaing'ono yomatidwa ndi guluu pamanja ikhoza kusupuka yonse nthawi imodzi.

Chilichonse mungasankhe, mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri pamodzi, kumanzere ndi kumanja. Kusintha tayala limodzi kumachititsa galimoto kukokera mbali poima.

Disiki nayo ili ndi malire. Pa disiki pamadindidwa nambala, kawirikawiri pambali pa zilembo MIN TH, yosonyeza kupyapyala komaliza kololedwa. Ngati chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki pa liwiro, kapena disiki yakumbika mizere, pali kusankha pakati pa kuipala pa makina ndi kugula ina. Kupala n'kotsika mtengo ndipo n'koyenera ngati ikatha kupalidwa ikhalabe pamwamba pa nambalayo. Afunseni ayeze musanavomere. Disiki yopyapyala imatentha msanga n'kuyambanso kunjenjemera, ndiye mwalipira kawiri. Ya alamu anga inali yosapalika, anagula awiri atsopano.

Fuluwidi ndiye amene amakalamba osaoneka. Fuluwidi wa mtundu wa DOT 3 ndi wa DOT 4 amayamwa chinyezi cha mu mpweya pang'onopang'ono. DOT 4 watsopano amayenera kupirira madigiri 230 a Celsius asanawire, koma akamwa madzi malire ake amatsikira cha ku 155. Wa DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Fuluwidi akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, pedulo n'kumira mpaka pansi galimoto osaima. Izi n'zimene nthawi zina zimakhala kuseri kwa mawu akuti mabuleki anaduka. Opanga magalimoto ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo kusintha ndi kutulutsa wakale yense kudzera ku matayala, osati kungodzaza kabotolo. Mtundu woyenera walembedwa pa chivindikiro. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawa ngakhale dzina likufanana ndi DOT 5.1. Botolo lotsegula kale limene lakhala pa shelefu miyezi lamwa kale madzi, ndipo dontho likagwera pa penti litsukeni msanga ndi madzi chifukwa limasupula.

Mapadi abwino ndi fuluwidi watsopano sizikupatsani chilolezo chotsika Khwekhwelere kapena Chiweta phazi lili pa buleki kuchokera pamwamba mpaka pansi. Giya imalowetsedwa mtsetse usanayambe: yachiwiri kapena yachitatu pa manyuwo, 2, L kapena S pa otomatiki, B pa ma hayibulidi a Toyota. Injini igwire galimoto, buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono n'kuisiya kuti ipume. Kutsika pa nyutulo pofuna kusunga petulo, monga ena amachitira mafuta akavuta, kumasenzetsa mapadi katundu yense. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo abwino mudikire zizizire, ndipo musathire madzi pa disiki yotentha.

Pa tsiku losinthalo, khalani pomwepo. Pisitoni ikamakankhidwa kubwerera m'kati, fuluwidi amakwera mu kabotolo ndipo amasefukira ngati wina anawonjezerapo kale. Galimoto ya handibuleki ya batani imafuna kuti mota ya kalipa yakumbuyo ibwezedwe kaye ndi makina kapena ndi dongosolo lake, apo ayi kuikakamiza kumaiphwanya. Kalipa isalendewere pa paipi yalabala, aikoleke ndi waya. Pemphani mapadi akale muwaone, muone ndi mmene anadyekera. Galimoto ikatsika pa jeke, musanalowetse giya pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe, chifukwa ulendo woyamba imamira yopanda kanthu pamene pisitoni ikufunafuna mapadi, ndipo pa galaja pamakhala anthu ndi magalimoto ena kutsogolo kwanu. Kenako pezani msewu wopanda piringupiringu, monga wa bayipasi nthawi imene magalimoto achepa, muchepetse liwiro kuchoka pa 60 kufika pa 20 kasanu kapena kupitirirapo, osaima kotheratu, kuti layiningi ikhazikike pa disiki. Makilomita 200 oyambirira pewani kumanga mabuleki mwadzidzidzi pokhapokha pakhale ngozi, ndipo mukayenda pang'ono muonenso ngati manati a matayala ali olimba.